Andimangira mashoko ndi masipulingi atsopano, koma Hilux yayamba kugogoda

Atate a Dalitso: Mwaswera bwanji abale nonse. Ndabwera ndi dandaulo, makamaka kwa inu amene mudziwa za motoka. Hilux Vigo yanga imene ndimapita nayo kumunda ku Sinda inagwa kumbuyo, kungoika matumba ochepa a feteleza inali kukhala pansi. Ndinagula kiti yoikweza ndi mamilimita 50: mashoko anayi, makoyilo awiri akutsogolo, masipulingi akumbuyo, mabushi ndi ma U-bolt (zitsulo zomangira masipulingi ku akiselo), zonse zili m'makatoni mwake. Ndinapereka ku galaja ina konkuno ku Lusaka kuti amange. Kungotuluka pageti pawo, pa hampu yoyamba, ndinamva kugunda kutsogolo kumanzere, ndipo mpaka lero sikunaleke. Sitelingi yapendekeka. Ndikaisiya pang'ono mu Kafue Road motoka ithawira kumbali. Nyale ya ABS (makina oletsa matayala kuuma pomanga buleki) yayaka ndipo sikuzima. Amake Dalitso ananditsatira pambuyo ndi motoka ina, akuti Hilux ikuyenda chammbali ngati nkhanu. Mwini galaja poyamba anati zikhazikika zokha poti n'zatsopano, kenaka anatembenuka, akuti zipangizo ndinabwera nazo ndekha ndiye iye sizikumukhudza. Ndalama ya ntchito ndinalipira theka, theka lotsala akulifuna. Mvula yayandikira ndipo feteleza afunika afike kumudzi. Ndiyambire pati?

Mwale wa ku Chawama: Tchulani dzina la galajayo atate, tonse tiidziwe. Anthu otere amatiyesa opusa. Mawa m'mamawa pitani kupolisi, akamutenge akafotokoze bwino.

A Mbewe (oyang'anira gulu): A Mwale, dzina la galaja lisatchulidwe muno. Nkhani sinaweruzidwe ndipo mbali inayo sitinaimve. Tithandize m'bale wathu pa zimene wafunsa.

A Sakala: Mwana wanga, choyamba motokayo isapite ku Sinda mmene ililimo. Ndagwira sipanala kuyambira ndili mnyamata ndipo zimene wafotokozazi zandiopsa. Msewu wa Great East suli wa masewera, makamaka mokhotakhota mwa ku Manenekela potsikira ku Luangwa Bridge, uli ndi katundu kumbuyo. Feteleza angakwere motoka ina, koma iyi ayi. Ndiyankhe mafunso awa. Anakupatsa pepala la alainimenti (muyezo wa kaimidwe ka magudumu)? Ma U-bolt atsopano aja anamangadi, kapena anabwezera akale? Ukasuzumira pa mashoko akutsogolo, pali lina lanyowa ndi oyilo?

Atate a Dalitso: Zikomo amalume. Pepala la alainimenti palibe, anati anayeza ndi chingwe. Ndalowa pansi ndi tochi pompano. Ma U-bolt ali ndi dzimbiri, ndi akale aja, atsopanowo sindikuwaona ngakhale m'bodi. Shoko lakutsogolo kumanja lanyowa ndithu, ndipo fumbi lamatirira pomwepo.

A Sakala: Basi, ndaimva nkhani yonse. Ndiyamba ndi kumbuyo chifukwa ndiko kuli ngozi yaikulu. Masipulingi akumbuyo ali ndi bauti pakati imene imagwira masamba onse pamodzi. Mutu wa bauti imeneyo uyenera kulowa m'kabowo kamene kali pampando wa akiselo. Ukalowa, akiselo imakhala pamalo pake, singapite kutsogolo kapena kumbuyo. Mnyamata akafulumira n'kumanga ma U-bolt mutu uja usanalowe m'kabowo, mbali imodzi ya akiselo imatsogola, ina n'kutsalira. Ndiye kuyenda chammbali kumene amai akunyumba aona. Sitelingi yapendekeka chifukwa iwe ukulimbana ndi kumbuyo kumene kukukankhira kwina. Ukamanga buleki mwamphamvu uli ndi matumba, akiselo ingasunthe, bauti ija n'kuduka.

Ma U-bolt samangidwa kawiri. Ukawamanga koyamba amatamuka pang'ono, ndi mmene amagwirira. Akale obwezeredwa sagwira chimodzimodzi, komanso masipulingi atsopano amakhala ndi masamba ochindikala, ndiye akalewo nthawi zambiri amafupika, nati n'kungogwira mazinga ochepa. Ukafunse kumene atsopano aja apita, ndi katundu wako.

Za kutsogolo tsopano. Vigo ili ndi mikono iwiri mbali iliyonse, wapamwamba ndi wapansi, ndipo shoko ili m'kati mwa koyilo. Mabushi a labala a m'mikonomo ndi a pansi pa shoko samangidwa kotheratu motoka ili m'mwamba pa jeki. Umangogwiriziza, n'kutsitsa motoka kuti iime ndi matayala ake, n'kuigwedeza, kenaka ndiye umalimbitsa. Ukamanga ili lendelende, poitsitsa labala imapotoka ndipo imakhala yopotoka usiku ndi usana mpaka kung'ambika. Anyamata ambiri amamangira m'mwamba chifukwa ndi mmene dzanja limalowera bwino. Kugunda kumene ukumva kungachokere pamenepo, kapena pa linki ya stabilizer (chitsulo choletsa motoka kupendama pokhota) imene sanamange, kapena koyilo sinakhale bwino pampando wake, popeza nsonga ya koyilo ili ndi poyenera kutsamira.

Shoko latsopano silitaya oyilo lokha m'masabata ochepa pokhapokha litabwera lolakwika, zimene zimachitika koma mwa apo ndi apo. Chimene ndaona kawirikawiri n'chakuti pomanga nati yapamwamba, ndodo ya shoko imazungulira, ndiye mnyamata amaigwira ndi vise grip, pulayala ija yoluma. Mano ake amakanda ndodo yosalala ija, ndipo chikandocho chimadula silo nthawi iliyonse shoko likamakwera ndi kutsika. Ena amamanga ndi mfuti ya mpweya, ndodo n'kuzungulira mothamanga mpaka silo kuwonongeka. Ukakankha labala yotchinga fumbi uone ndodoyo. Ngati pali mano, umboni ndi umenewo.

Nyirenda Jnr: Agogo a Sakala, nanga nyale ya ABS ikukhudzana bwanji ndi masipulingi?

A Sakala: Pa gudumu lililonse pali kawaya ka sensa. Pochotsa shoko, mkono umagwa pansi, ndipo ngati sunamasule kabulaketi kogwira wayayo, imakokeka n'kuduka m'kati, kunja ikuoneka yabwinobwino. Chimodzimodzi paipi ya labala ya mabuleki. Imeneyo ndiyo yofunika kuiyang'ana bwino motoka ikakwezedwa, chifukwa gudumu likalendewera m'dzenje paipi siyenera kukokeka.

Tembo wa ku Kalingalinga: Ine ndili ndi kagalaja kanga, ndiye mundilole ndinene za mbali inayo. Sindikuikira kumbuyo ntchito yoipa, zimene a Sakala anenazi n'zoona zonse. Koma nkhani ya kasitomala kubwera ndi zipangizo zake imativuta kwambiri. Munthu amagula mashoko a m'katoni yokongola, dzina lalikulu lalembedwa pamwamba, koma m'kati ndi achinyengo. Tikamanga, mwezi usanathe ataya oyilo, mlandu n'kugwera ife. M'tauni muno zipangizo zabodza zilimo zambiri, aliyense adziwa. Ndiye atate a Dalitso, musanakalipire munthu za shoko, mutsimikize kuti munagula kwa ogulitsa odalirika ndipo lisiti muli nayo.

China, mabauti osinthira camber (kupendeka kwa gudumu) a pamkono wapansi wa Vigo amagwira dzimbiri m'kati mwa bushi. Motoka imene yayenda m'matope zaka zambiri, mabauti amenewo satembenuka ngakhale pang'ono. Umachita kuwadula, n'kugula ena ndi mabushi omwe. Mwina mnzangayo anapeza zotero n'kuopa kukuuzani kuti ndalama ikwera.

Atate a Dalitso: A Tembo, lisiti ndili nayo, ndinagula ku sitolo yodziwika ya zipangizo za 4x4 ndipo pali waranti. Za mabauti a dzimbiri, akanandiuza ndikanagula. Chimene chandipweteka mtima n'chakuti anandipatsa makiyi akumwetulira, osanena kanthu, akudziwa kuti ndimanyamula ana m'motokamo.

Tembo wa ku Kalingalinga: Pamenepo ndilibe mawu. Kukhala chete kumeneko ndiko kulakwa kwake. Ndipo kuyeza ndi chingwe kumangothandiza kuti ufike ku makina, sikulowa m'malo mwa alainimenti. Ukakweza Vigo ndi mamilimita 50, camber, caster ndi toe, miyezo ya kaimidwe ka magudumu, zonse zimasuntha. Caster ikachepa, motoka imayendayenda mumsewu ndipo sitelingi sibwerera yokha ukatha kukhota.

Mwale wa ku Chawama: Mwaona? Ngakhale mnzake wavomera. Apolisi basi. Ma U-bolt atsopano asowa, kumeneko si kuba?

Anabanda: Achimwene a Mwale, apolisi akakuuzani kuti nkhani ya ntchito yosagwiridwa bwino ndi ya pakati pa anthu awiri, si yaupandu, ndipo mudzangotaya tsiku. Komanso mukangobwera ndi apolisi, mwini galaja amauma mtima, kukambirana kumathera pomwepo.

Alamu atate a Dalitso, ine za mabauti sindilowererapo, koma za mapepala mundimvere. Musalole munthu wina aliyense kumasula kanthu pa motokayo musanasunge umboni. Mukathamangira kwa makaniko wina n'kukonza zonse, uja adzati amene anawononga ndi wachiwiriyo, ndipo simudzakhala ndi choonetsa. Lero lomwe jambulani zithunzi: shoko lonyowalo, ma U-bolt a dzimbiri, nyale ya ABS, makilomita a pa dashibodi, ndi matayala onse. Tengani kavidiyo motoka ikuyenda, wina akujambula kumbuyo. Mauthenga onse a pa WhatsApp amene munalemberana musafufute. Ngati munalipira pa Airtel Money kapena MTN MoMo, uthenga wotsimikiza uja ndi lisiti yanu. Kenaka pitani pamalo pamene ali ndi makina a alainimenti akayeze chabe, osasintha kanthu, akupatseni pepala losindikiza. Pepala limenelo limaonetsa ngakhale kupendekeka kwa akiselo yakumbuyo, manambala ake ali poyera.

Mukatero mulembereni kalata, osati kukangana pakamwa. Mulembe tsiku limene munapereka motoka, ntchito imene munagwirizana, zimene mwapeza, ndi chimene mukufuna: akonzenso mwaulere, abweze ma U-bolt, alipire shoko ngati ndodo yakandidwa. Muikepo tsiku lomalizira. Kalata ina isainidwe ndi iye kapena mlembi wake, mutsale nayo.

Lamulo lili kumbali yanu. Competition and Consumer Protection Act ya 2010, ndime 49, imanena kuti wogulitsa ntchito ayenera kuigwira mosamala ndi mwaluso loyenera. Akalephera, ayenera kubweza ndalama kapena kuigwiranso bwino. Zoti zipangizo munagula nokha sizimuchotsera udindo pa kamangidwe, chifukwa chimene munagula kwa iye ndi manja ake. Ndime 48 imaletsanso zikwangwani zija zonena kuti kuno sitibweza ndalama. Akakana, dandaulo limapita ku CCPC, bungwe la boma loteteza ogula, ndipo kudandaula kumeneko sikulipiritsa. Njira ina ndi Small Claims Court, kumene munthu umadziyankhulira wekha popanda loya, ndipo nakonso nkhani imayamba ndi kalata yofuna ndalama zako.

Atate a Dalitso: Alamu mwanditsegula maso. Nanga theka lotsala lija ndilipire?

Anabanda: Musalipire ntchito isanakonzedwe, koma mulembe m'kalatamo kuti simukukana, mudzalipira ikatha bwino. Asadzanene kuti mukuthawa ngongole.

Tembo wa ku Kalingalinga: Pamenepa chenjerani atate. Mukaibweza motoka m'geti mwake muli ndi ngongole, angaitsekere mpaka mumalize kulipira. Ambiri timachita zimenezo. Mugwirizane polemba motoka isanalowe, kuti ndalama yotsala mudzapereka pepala la alainimenti likatuluka labwino.

Amake Chikondi: Koma abale, n'chifukwa chiyani abwerere kwa munthu yemweyo? Ine sindingamupatsenso motoka yanga. Walephera koyamba, kachiwiri adzachita ndi mkwiyo.

A Sakala: Amai, funso lanu n'lomveka, ndipo inenso ndikanakonda kuti ntchitoyi igwiridwe ndi wina. Koma kulikonse kumene mungakadandaule, angafunse ngati munampatsa mpata wokonza. Ndiye abwerere, koma asapite yekha ndipo asaisiye motoka n'kuchoka. Ine Loweruka ndilibe kopita, ndichokera ku Matero m'mamawa ndi torque wrench yanga, sipanala yoyeza kulimba kwa nati. Sindikapita kukakangana, ndikangoima pambali n'kumaona. Amene amamanga zinthuzi nthawi zambiri ndi anyamata ophunzira amene sanauzidwepo chifukwa chake bushi imamangidwa motoka ili pansi. Bwana amalandira ndalama n'kupita kutauni. Mnyamata ukamuonetsa kamodzi saiwala.

Mwana wanga, usanapite ukaimike motoka pamalo osalala, uyeze ndi tepi kuchokera pakati pa gudumu kufika m'mphepete mwa madigadi, mbali zonse zinayi, ulembe. Makampani ena amapanga sipulingi ya mbali ya dalaivala yosiyana pang'ono ndi inzake, ndipo amalembapo. Makiti ambiri otere amachokera ku Australia kumene sitelingi ili kumanja monga kwathu kuno, ndiye zolembazo zimagwirizana ndi motoka zathu. Akasinthanitsa, motoka imapendama.

Nyirenda Jnr: Pepani kulowetsa yanga. Allion yanga imakhula pansi pa mahampu a ku Mtendere, ndifuna kuika ma spacer oikwezera. Mavuto ngati awa angandigwere?

Tembo wa ku Kalingalinga: Ma spacer aang'ono savuta, motoka zambiri zochokera ku Japan zili nawo muno. Koma ukakweza kwambiri, ma CV (mfundo za shafuti yozunguza magudumu) amagwira ntchito atapindika, malabala ake amang'ambika, girisi n'kutayika, kenaka uyamba kumva kulira pokhota. Yamba waona ngati makoyilo ako sanatope, chifukwa nthawi zina motoka imakhala itangogwa. Ndipo ukaika, alainimenti tsiku lomwelo.

A Zulu: Ndiwonjezere kamodzi kwa atate a Dalitso, chifukwa ndaona anzathu alimi akunamizika. Masipulingi olimba sasintha kulemera kumene motoka inaloledwa kunyamula. Nambala ili pa kapuleti ka motoka imakhala yomweyo, mabuleki ndi omwewo, akiselo ndi yomweyo. Matumba 20 a makilogalamu 50 ndi tani yathunthu, ndipo pa double cab muli anthu m'kati imeneyo yapitirira kale. Motoka idzaoneka yoima bwino, koma potsika phiri mabuleki ndiwo adzakuuzani zoona. Kukwezako sikukweza difu (chotupa cha pakati pa akiselo), difu imakwera ndi matayala aakulu okha, ndiye m'mikwasa ya ngolo kumudzi idzakhulabe pansi. Muwauzenso a inshuwalansi kuti mwasintha zimenezi, ndipo shoko lotaya oyilo musapite nalo ku fitinesi ya RTSA, bungwe la boma loona za motoka pamsewu.

Atate a Dalitso: Ndamva a Zulu. Feteleza ndatumiza pa lole ya mnansi wathu imene ikupita ku Katete, atsitsa pa Sinda. Mawa ndikayezetsa, kalata ndilemba usiku uno. Amalume a Sakala, Loweruka ndidzakutengani ndi motoka ya alamu anga.

Atate a Dalitso: Abale, ndabwera kudzakuuzani mmene zayendera. Pepala la makina linaonetsa kuti akiselo yakumbuyo inalidi yopendekeka, ndipo toe yakutsogolo inali kutali ndi muyezo. Kalata ndinapereka, poyamba anakana kusaina, koma ataona pepalalo ndi zithunzi anasaina. Loweruka amasula zonse amalume ali pomwepo. Mutu wa bauti yapakati kumanzere unali pambali pa kabowo, mpaka unadinda chitsulo. Ma U-bolt anga atsopano anapezeka pashelefu m'sitolo mwawo, akadali m'pulasitiki. Linki ya stabilizer inali yosamanga, ndiyo inali kugunda. Waya wa ABS wakumanzere unaduka m'kati, ndipo mwini galaja wagula wina ndi ndalama yake. Bauti imodzi ya camber inalidi yogwira dzimbiri monga ananenera a Tembo, imeneyo ndagula ine pamodzi ndi bushi yake. Motoka tsopano ikuyenda molunjika ndipo nyale yazima.

Chatsala ndi shoko. Pandodo pali mano a vise grip ooneka bwino, mnyamata nayenso anavomera pamaso pathu. Ogulitsa akuti waranti sigwira pa chinthu chowonongeka pomanga, ndipo sindingawatsutse. Mwini galaja akuti achotsere pa theka lotsala lija, koma shokolo mtengo wake waposa theka limenelo, ndipo zapamwambazo wakana.

A Sakala: Ndikuchitira umboni kuti anyamata aja anagwira bwino kachiwiri, ndipo wamng'ono uja ali ndi dzanja labwino, angofunika womuphunzitsa. Nati iliyonse ya pansi tamanga ndi torque wrench motoka itaima ndi matayala. Koma shoko lotayalo lichoke usananyamuke. Poti linzake likadali latsopano, ungasinthe limodzi lokhalo, bola likhale la mtundu ndi nambala yomweyo. Ukayenda makilomita 500 mpaka 1000 ubwere tilimbitsenso ma U-bolt, chifukwa masamba atsopano amakhazikika ndipo manati amapepuka. Ulendo umodzi wa ku Sinda ndi kubwerera ukwanira. Ukawongoletsenso nyale zakutsogolo, motoka ikakwera zimathobwa anzako m'maso usiku.

Mwale wa ku Chawama: Ma U-bolt pashelefu, akadali m'pulasitiki! Ine mtima wanga sunatsike ayi. Akanapanda kupita a Sakala bwenzi atagulitsa kwa wina.

Anabanda: Alamu, shoko gulani kuti muyende, koma lakalelo musalitaye ndipo musalisiye ku galaja. Likulungeni musunge kunyumba pamodzi ndi lisiti yatsopano. A Sakala alembe mizere ingapo ya zimene anaona, asaine. Ogulitsa aja nawonso alembe chifukwa chimene akanira waranti, pakamwa pokha sipakwanira. Mukasonkhanitsa zimenezo, mutumize kalata yachiwiri yofuna ndalama yapamwambayo, ndipo mutchulemo kuti ikapanda kubwera mupita ku CCPC. Fomu yake ndikuthandizani kulemba, Lachitatu madzulo ndimakhala ndili kunyumba ku Kabwata.

Atate a Dalitso: Zikomo alamu, Lachitatu ndifika ndi mapepala onse. A Tembo, shoko latsopano likafika ndibwera nalo kwanu mudzamange ndinu, munditumizire kumbali mmene ndingapezere galaja yanu.